Tizilombo Tikamera pa Nyonga Yachitsulo

Ku Ulaya ndi ku America, woikidwa nyonga kapena bondo lachitsulo kawirikawiri amakhala gogo wa zaka za m'ma 60 kapena 70, amene mafupa ake anaperepeseka ndi ukalamba. M'makomboni a Lusaka odwala ake ndi osakanikirana. Alipo agogo amene anaterereka pamatope n'kuthyoka khosi la fupa la ntchafu. Aliponso achinyamata obadwa ndi matenda a sickle cell, amene mutu wa fupa lomwelo unawafera m'kati chifukwa magazi analeka kufikako. Kufa kwa fupa kotereku kumagwiranso ena amene ali ndi kachilombo ka HIV, omwa mowa mwauchidakwa, ndi amene anamwa mankhwala a steroid kwa nthawi yaitali. Pamwamba pa onsewa pali opulumuka pa ngozi zapamsewu, amene mafupa awo anapola mokhota n'kuyamba kudyana okhaokha.

Opaleshoni yake imachitikira ku University Teaching Hospital, kumene aliyense amangoti ku UTH, ku chipatala cha mafupa cha St John Paul II chimene ambiri amachidziwabe kuti cha Italian, ndi m'zipatala zina zolipira. Mabanja ena amasonkherana ndalama n'kutumiza wodwala ku India kapena ku South Africa. Dokotala amacheka mutu wa fupa wowonongekawo n'kulowetsa chitsulo m'kati mwa fupa la ntchafu. Pansonga pa chitsulocho pamakhala kampira kosalala, kamene kamazungulira m'kachikho ka pulasitiki yolimba koikidwa m'fupa la chiuno. Nthawi zambiri zonsezi amazimata ndi simenti yapadera ya mafupa. Zikayenda bwino, munthu amene anali atalephera ngakhale kuwerama kuti avale nsapato amaimirira ndi ndodo tsiku limodzi kapena awiri chichitikire opaleshoni.

Kwa ambiri zimayendadi bwino. M'mayiko amene amalemba wodwala aliyense m'kaundula, 1 kapena 2 okha mwa odwala 100 ndiwo amagwidwa ndi tizilombo pachitsulopo. Koma amene zamugwera amakumana ndi matenda ovuta kuwapeza, ovuta kuwachiza, ndiponso odula kuposa opaleshoni yoyamba ija.

Chitsulo chilibe magazi

Bala likayamba kutuluka mafinya, pamudzi mawu amamveka akuti thupi lakana chitsulo. Zitsulo zimenezi, monga titanium ndi cobalt-chrome, thupi limazilandira bwino ndithu. Wolakwa amakhala mabakiteriya, makamaka a mtundu wa Staphylococcus amene amakhala pakhungu ndi m'mphuno mwa anthu athanzi. Mitundu iwiri, Staphylococcus aureus ndi Staphylococcus epidermidis pamodzi ndi achibale ake, ndiyo imayambitsa pafupifupi theka kapena kupitirira la matendawa.

Mnofu uli ndi mitsempha ya magazi. Tizilombo tikalowamo, magazi amabweretsa maselo oyera odzatipha, ndipo mankhwala amene munthu wamwa amafika pamalopo kudzera m'magazi omwewo. Chitsulo, pulasitiki ndi simenti zilibe mtsempha ngakhale umodzi. Mu 1982, Werner Zimmerli ndi anzake ku Switzerland anasonyeza kukula kwa kusiyanaku poyesa pa mbira. Ataika kachinthu kochita kupanga pansi pa khungu, mabakiteriya pafupifupi 100 okha anali okwanira kuyambitsa matenda, pamene popanda kachinthuko ngakhale mamiliyoni sankatha kukhazikika.

Chimene chimachitika n'chakuti mabakiteriya akafika pachitsulo amakakamira, n'kuyamba kutulutsa utomoni woterera umene amadzikuta nawo. Akatswiri amautcha biofilm. Aliyense amene amatunga madzi pa kiyosiki m'komboni ya Kanyama kapena ya George amaudziwa utereziwu, chifukwa ndi wofanana ndi umene umamera m'kati mwa chigubu chimene chakhalitsa: kutsukuluza ndi madzi sikuuchotsa, pamafunika kukwecha, ndipo chigubu china chimangofunika kutaya. M'kati mwa utomoniwo mabakiteriya amachepetsa kudya ndi kuswana. Maantibayotiki ambiri amapha tizilombo timene tikuswana, choncho togonati amatidutsa. Munthu akamwa makapisozi, timene tikuyandama m'madzi a pamfundo timafa, kutupa kumatsika, ululu umachepa. Makapisozi akatha, tija tinabisala timadzuka.

Utomoniwu umayamba kupangika m'maola ochepa, koma umatenga milungu ingapo kuti ukhwime. Milungu imeneyo ndiyo imalamula chithandizo chonse.

Njira zimene tizilombo timalowera

Njira yoyamba ndi ya m'chipinda cha opaleshoni momwemo. John Charnley, dokotala wa ku Wrightington ku England amene anakhazikitsa nyonga yamakono mu 1962, poyamba ankaona odwala pafupifupi 9 mwa 100 alionse akugwidwa ndi tizilombo. Anamanga kachipinda kopita mpweya wosefedwa, madokotala n'kumavala zofunda thupi lonse, ndipo chiwerengerocho chinatsika kufika cha pa 1 mwa 100. Masiku ano wodwala amabayidwanso antibayotiki ola limodzi lisanakwane kuti mpeni ukhudze khungu.

Njira yachiwiri ndi bala limene likuchedwa kupola. Bala likamachuchabe madzi patapita sabata, ndiye kuti khomo lili chitsegukire pakati pa khungu ndi chitsulo.

Njira yachitatu ndi magazi, ndipo imatha kutseguka patapita zaka zisanu kapena khumi. Chithupsa cha pamwendo, dzino lobowoka limene latukusira, chilonda cha kuphazi cha wodwala shuga, matenda a m'chikhodzodzo kapena chibayo, zonsezi zimatha kuthira mabakiteriya m'magazi. Staphylococcus aureus akalowa m'magazi a munthu amene ali ndi mfundo yachitsulo, mwa odwala atatu alionse mmodzi amapezeka kuti tizilomboto takakhazikika pachitsulopo.

Zizindikiro zake zimatengera nthawi ndi mtundu wa kachilombo. Matenda a m'milungu yoyambirira amabwera ndi ukali: bala limafiira kapena kuda, limatentha, limatupa, limatuluka madzi kapena mafinya, ndipo thupi limatentha. Amene amabwera patapita miyezi amayenda mwakachetechete. Nthawi zambiri palibe kutentha thupi ngakhale pang'ono. Pamangokhala ululu umene sunathe chichokere kuchipatala, kapena umene unatha n'kubwereranso, wopweteka ngakhale usiku munthu atagona. Pamapeto pake pachipsera pamabooka kauna kakang'ono kotuluka madzi achikasu, kamene kamatseka n'kutsegukanso. Kwa dokotala wa mafupa, kauna kofika pachitsulo ndi umboni wokwanira pakokha.

Zimene HIV inaphunzitsa madokotala

Lusaka ili ndi mbiri yakeyake pa nkhaniyi. John Jellis, amene anali pulofesa wa za mafupa ku UTH ndiponso anayambitsa FlySpec mu 1982, gulu louluka pa ndege kukachita maopaleshoni m'zipatala zakumidzi, analemba m'zaka za m'ma 1990 kuti odwala amene chitetezo chawo chinatsika ndi HIV ankabwerera ndi mafinya pa zitsulo zimene zinaikidwa kalekale n'kupola bwinobwino. Inali nthawi imene ma ARV kunalibe m'zipatala za boma, ndipo madokotala ambiri ankazengereza kuika chitsulo mwa munthu wa kachilombo.

Zinthu zinatembenuka ma ARV aulere atayamba kuperekedwa m'makiliniki a boma a mu Lusaka mu 2004. Umboni womveka unachokera kutsidya la malire. Mu 2005 Malawi inakhazikitsa kaundula wa onse oikidwa mfundo zachitsulo, wosungidwa pa chipatala cha Beit CURE ku Blantyre. Mu 2014 madokotala a kumeneko anafalitsa zotsatira za odwala 29 a HIV amene anaikidwa nyonga 43. Atawatsatira kwa zaka pafupifupi zitatu ndi theka, sanapeze ndi mmodzi yemwe amene chitsulo chake chinagwidwa ndi tizilombo. Gululi linali laling'ono, komabe linasonyeza kuti munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika akhoza kuikidwa nyonga monga wina aliyense. Zoopsa zenizeni n'zina: shuga wosalamulirika, fodya, kunenepa kwambiri, kuchepa kwa magazi ndi kusowa zakudya m'thupi.

Kapisozi wa pa kantemba

M'komboni, bala likayamba kununkha, ulendo woyamba kawirikawiri sukhala wa kuchipatala. Mwana amatumidwa ku drug store kapena pa kantemba kukagula amoxicillin, cloxacillin kapena Flagyl wa masiku awiri kapena atatu, monga mmene ndalama zakwanira. Lamulo la Zambia limafuna kalata ya dokotala pogula maantibayotiki, ndipo bungwe la ZAMRA ndilo limayang'anira zimenezi, koma kafukufuku wa mu Lusaka wasonyeza kuti kuwagula popanda kalata n'kofala. Pa chilonda wamba mwina munthu akhoza kupulumuka nazo. Pa mfundo yachitsulo makapisoziwo amawononga zinthu ziwiri nthawi imodzi: amadya milungu imene chitsulo chikanapulumutsidwa, ndipo amabisa kachilombo kuti labotale isakapeze.

N'chifukwa chake dokotala wa mafupa, akaona kuti wodwala sali pangozi yoti magazi onse aipa, amayamba ndi lamulo limene limadabwitsa achibale: siyani mankhwala onse opha tizilombo kwa milungu iwiri. Cholinga chake n'chakuti mabakiteriya atulukenso poyera, agwidwe, adziwike dzina.

Kuyeza kumayamba ndi magazi. CRP yopitirira 10 ndi ESR yopitirira 30 zimasonyeza kuti penapake m'thupi pakuyaka. Koma sizinena kuti ndi pati. Opaleshoni yeniyeniyo imakweza CRP kwa milungu ingapo, ndipo TB, HIV ndi nyamakazi zimatha kukweza ESR mfundo ili bwinobwino, choncho ku Lusaka manambala amenewa amawerengedwa mosamala. Ekisire imaonetsa ngati chitsulo chayamba kugwedera, ngakhale kuti m'milungu yoyamba imatha kutuluka yoyera.

Yankho lenileni lili m'madzi a pamfundo. Wodwala amagonekedwa m'chipinda choyera, khungu limatsukidwa kangapo ndi mankhwala, n'kufunditsidwa nsalu zophikidwa. Dokotala amalowetsa singano yaitali, pabondo cha m'mbali mwa chivundikiro, panyonga motsogozedwa ndi ekisire kapena sikani chifukwa mfundoyo ili pakati pa minofu yochindikala. Amasankha khungu labwino, kutali ndi bala. Akakoka, maso onse amakhala pa sirinji. Madzi athanzi ndi ochepa, oyera mwachikasu, onanda. A mfundo yodwala amabwera ambiri, a mbuu, nthawi zina mafinya enieni. Ku labotale amawerenga maselo oyera: akapitirira 3,000 pa mayikrolita, ndipo 80 mwa 100 alionse ali a mtundu wolimbana ndi mabakiteriya, chikayikiro chimakhala chachikulu. Madzi otsalawo amabzalidwa m'timbale kuti tizilombo timere, ndipo ena amadikiridwa mpaka masiku 14 chifukwa mitundu ina imamera pang'onopang'ono.

Kupukuta mafinya a pakauna ndi kathonje n'kutumiza ku labotale kumasocheretsa, popeza pakhungu pamakhala tizilombo tambirimbiri tosakhudzana ndi zimene zili pansi. Wodwala akapita ku opaleshoni, dokotala amadula tizidutswa ta mnofu pafupifupi tisanu kuchokera m'malo osiyanasiyana ozungulira chitsulo, kalikonse ndi mpeni wakewake. Kachilombo kamodzimodzi kakamera m'tizidutswa tiwiri kapena kuposa, mlandu watha. Malangizo amenewa analembedwa ndi akatswiri a ku America mu 2011, n'kukonzedwanso pa misonkhano ya madokotala a mayiko ambiri ku Philadelphia mu 2013 ndi 2018.

Ku Zambia pali funso lina limene dokotala wa ku London mwina sangalifunse msanga. TB imagwira mafupa ndi mfundo, ndipo imatha kudzuka pafupi ndi chitsulo. Simera m'timbale wamba. Choncho mafinya akamatuluka koma labotale ikubweza pepala loti palibe chamera, kachidutswa kena kamapita ku makina a GeneXpert ndi kwa woyang'ana mnofu pa mayikrosikopu.

Kutsuka, kusintha kapena kuchotsa

Mankhwala okha sachiza matendawa. Pamafunika mpeni, ndipo kukula kwa opaleshoni kumatengera nthawi imene yapita.

Wodwala akafika pasanathe pafupifupi milungu inayi chichitikire opaleshoni, kapena pasanathe milungu itatu chiyambire zizindikiro za matenda obwera ndi magazi, chitsulo chikadali chogwira zolimba, dokotala amatsegula bala, n'kudula mnofu wonse wowola, n'kutsuka ndi malita ambiri a madzi a mchere. Kampira ndi kapulasitiki amasinthidwa, koma chitsulo chachikulu chimatsala. Njirayi imatchedwa DAIR. Ndi yopepuka kwa wodwala ndi kwa thumba la banja, koma mwayi wake umatsika mlungu uliwonse umene wadutsa.

Utomoni ukakhwima, chitsulo chimayenera kuchoka. Ku Hamburg ku Germany, Hans Wilhelm Buchholz anayamba cha m'ma 1970 kusakaniza maantibayotiki mu simenti ya mafupa, ndipo anzake anakhwimitsa njira yochotsa chitsulo chakale n'kuika chatsopano tsiku lomwelo. Njirayi imafuna kuti kachilombo kakhale kodziwika kale, kakhale komvera mankhwala, ndiponso fupa ndi khungu zikhale zabwino.

Njira yofala m'mayiko ambiri ndi ya maulendo awiri. Ulendo woyamba dokotala amazula chitsulo ndi simenti yonse yakale, ntchito yothyola msana ya tchizulo ndi hamala imene imatenga maola angapo. Kenako amasakaniza ufa wa simenti ndi ufa wa antibayotiki wosaopa kutentha, monga vancomycin kapena gentamicin, n'kuthiramo madzi ake. M'mphindi zochepa phalalo limalimba ngati mtanda, ndipo amaliumba ndi manja kapena m'chikombole kuti lifanane ndi mutu wa fupa. Likamauma limatentha kwambiri moti amalithira madzi. Chowumbacho chimasunga malo kuti minofu isafupike, uku chikutulutsa mankhwala pamalo penipeni pamene magazi sakanawafikitsa. Wodwala amalandira maantibayotiki kwa milungu 6 kapena kuposa, amayenda ndi ndodo osaponda kwambiri, ndipo magazi akasonyeza kuti moto wazima amabwerera kukaikidwa chitsulo chatsopano. Mwa odwala 10, pafupifupi 8 kapena 9 amachira motere. Mtengo wake ndi maopaleshoni awiri aakulu, magazi owonjezera, chitsulo chachiwiri chodula kuposa choyamba, ndi miyezi yosagwira ntchito, zimene kwa mayi wogulitsa pa Soweto Market zikutanthauza miyezi yopanda malonda.

Pamene fupa latheratu kapena chitsulo china sichingapezeke, pali opaleshoni yakale ya Girdlestone, yotchedwa ndi dzina la dokotala wa ku Oxford amene ankaigwiritsa ntchito pa nyonga zowonongeka ndi TB ndi mafinya maantibayotiki asanafale. Zonse zimachotsedwa osabwezerapo kanthu. Mwendo umafupika ndi masentimita angapo, munthu amatsimphina ndipo amafunika ndodo ndi nsapato yokwezedwa, koma mafinya amauma ndipo ululu umachepa. Kwa okalamba ofooka amene sangapirire mpeni, nthawi zina madokotala amasankha mapiritsi a moyo wonse ongogonetsa tizilombo.

Mankhwala ake ndi msampha wa rifampicin

Kafukufuku awiri aposachedwa ali ndi phindu kwa wodwala wa m'komboni. Wa OVIVA, wa ku Britain, wofalitsidwa mu 2019, anapeza kuti pa matenda a mafupa ndi mfundo mapiritsi osankhidwa bwino amagwira ntchito mofanana ndi mankhwala a m'mitsempha. Izi zikutanthauza kuti munthu sayenera nthawi zonse kugona m'chipatala milungu 6 ali pa diripi. Wa DATIPO, wa ku France, wofalitsidwa mu 2021, anayerekeza milungu 6 ndi milungu 12 ndipo anapeza kuti matenda ankabwerera kwambiri mwa amene anamwa milungu 6 yokha. Kulekera panjira chifukwa bala lauma n'kumene kumabwezeretsa munthu pa tebulo la opaleshoni.

Mankhwala amene amaboola bwino utomoni wa Staphylococcus ndi rifampicin, monga Zimmerli yemwe uja anasonyezera mu 1998. Koma rifampicin ndiye mzati wa chithandizo cha TB. Kumupereka kwa munthu amene ali ndi TB yobisika kukhoza kubala TB yosamva mankhwala, choncho wodwala amayamba wayezedwa chifuwa. Saperekedwa yekha, chifukwa mabakiteriya amamuzolowera m'masiku ochepa. Amafulumizitsanso chiwindi kuchotsa mankhwala ena m'thupi. Amene ali pa TLD, piritsi la ARV limene ambiri ku Zambia akumwa, amafunika kuwonjezeredwa dolutegravir, mmodzi mwa mankhwala a m'piritsilo, kuti azimwa kawiri pa tsiku, ndipo mayi amene ali pa mapiritsi olera kapena kachubu ka pamkono amafunika njira ina yowonjezera. Mkodzo ndi misozi zikasanduka zofiirira, amenewo ndi mtundu wa mankhwalawo basi.

Kubwerera kukomboni

Wodwala akatuluka m'chipatala amabwerera kumene kuli moyo wake weniweni. Kanyama inamangidwa pa thanthwe la laimu, madzi apansi ali pafupi, ndipo mvula ikagwa kuyambira Disembala mpaka Malichi misewu imasefukira, zimbudzi zokumba n'kusakanikirana ndi zitsime zosaya. Mliri wa kolera wa 2017 mpaka 2018 unakantha kwambiri dera limeneli, ndipo wa 2023 mpaka 2024 unachititsa kuti bwalo la National Heroes Stadium lisanduke chipatala. Madzi omwewo ndi oopsa kwa bala la opaleshoni limene silinatseke. Bandeji ikanyowa imafunika kusinthidwa tsiku lomwelo, ndi manja osambidwa ndi sopo ndi madzi owiritsa kapena othira klorini. Phulusa, mankhwala azitsamba, ndi ufa wa m'kapisozi wothiridwa pabala, zonsezi zimalowetsa dothi pafupi ndi chitsulo. Chimbudzi chonjuta chilinso ndi vuto lake pa nyonga yatsopano, popeza kunjuta kumatha kuigulula, ndipo mabanja ambiri amakhoma kampando koboola pakati.

Thandizo loyamba lili pafupi kuposa kale. Mothandizidwa ndi dziko la Japan, makiliniki a Matero ndi Chilenje, kenako a Chipata, Kanyama ndi Chawama, anakulitsidwa kukhala zipatala zokhala ndi labotale, ekisire ndi chipinda cha opaleshoni. Okhala ku Mtendere ndi Kalingalinga ali ndi makiliniki awo, ndipo chipatala cha Levy Mwanawasa, chimene chinatsegulidwa mu 2011, sichili kutali nawo. M'malo amenewa ndimo amachotsa ulusi, kuyeza shuga, kuchiza chithupsa kapena dzino lisanathire tizilombo m'magazi, ndi kulemba kalata yotumiza wodwala kwa dokotala wa mafupa. Namwino kapena kilinikala ofisa amene waona bala lochucha pamwamba pa chitsulo amathandiza kwambiri akalemba kalata imeneyo tsiku lomwelo, m'malo mopereka makapisozi a sabata n'kunena kuti mubwerenso.

Amene anakachitidwa opaleshoni kunja ali ndi vuto lowonjezera. Zitsulo za makampani osiyana sizilowana, ndipo dokotala wa ku Lusaka amene akufuna kusintha kampira kapena kapulasitiki amafunika kudziwa dzina la kampani, mtundu ndi saizi yake asanatsegule bala. Zimenezi zimakhala pa timapepala tomata m'faelo ya opaleshoni, timene wodwala ali ndi ufulu wopempha asanakwere ndege yobwerera. Pa tsiku limene bala lasintha maonekedwe, pamodzi ndi khadi ya inshuwaransi ya NHIMA ndi buku la kukiliniki, wodwala amanyamula timapepala timeneti, tsiku lenileni la opaleshoni, ndi mapaketi a mankhwala alionse amene wamwa m'milungu yapitayi, ngakhale aja ogula pa kantemba, kuti dokotala awerenge masiku n'kusankha tsiku lolowetsa singano.